Nyumba ya Udzu pa Cithunzi: Paul Henry ndi Anthu a ku Achill

M'mwezi wa Okutobala caka ca 2020, mu mzinda wa Dublin ku dziko la Ireland, anagulitsa cithunzi cimodzi pa okushoni, malonda aja opikisana mitengo amene m'Cipwitikizi amati leilão. Cithunzico ncojambulidwa ndi penti wa mafuta ca m'ma 1940, ndipo dzina lake ndi A Sunny Day, Connemara, kunena kuti tsiku la dzuwa ku Connemara. Amene anacijambula ndi Paul Henry. Nyumba ya malonda yochedwa Whyte's ndiyo inaitanira mitengo, ndipo pamene nyundo inagunda pa tebulo mtengo unali utafika ma euro 420,000. Caka cimeneco ndalama zotere zikanagula nyumba yeniyeni, ya magetsi ndi madzi a m'mipope, m'matauni ambiri a dzikolo.

Kodi anthu amaonamo ciani m'zithunzi za bamboyu? Amene waona cimodzi ca zaka zimenezo sangasokere akaona cinzake. Kumwamba kuli mitambo ikuluikulu yoyera, yotenga theka la cithunzi kapena kuposa. Pansi pake pali phiri lobiriwira ngati la patali. Ndipo m'munsi mwenimweni muli tinyumba tiwiri kapena titatu ta miyala, topaka njereza, tofolera ndi udzu, ndi milu yakuda pambali pake. Kanjira kakudza, mwina kanyanja. Basi. Munthu ukamayang'ana mtima umakhala pansi, nkumati: ha, koma kumeneku ndiye kokhala!

Inu atsogoleri a makalasi mumadziwa mphamvu ya cithunzi. Mumacionetsa kwa ophunzira asanadziwe ngakhale lemba limodzi, ndipo iwo amayamba kukamba. Cifukwa cake tati ulendo uno tikambe mbiri ya cithunzi ca mtundu umenewu, tione cimene cimanena ndi cimene cimasiya. Pakuti m'zithunzi zambiri za tinyumba timeneti muli cinthu cimodzi cosowa: mulibe munthu.

Nyumba zimenezi zinali za yani?

Connemara ndi dera la kumadzulo kwa Ireland, m'boma la Galway, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Kumpoto kwake, m'boma la Mayo, kuli cilumba ca Achill, cacikulu pa zilumba zonse za m'gombe la dzikolo. Konseku ndi malo a miyala, a madambo, a mphepo ndi mvula yosaleka. Mitengo njosowa. Milu yakuda ija ya pa zithunzi ndizo nkhuni zao: dothi la m'dambo la zomera zowola, limene amalidula ngati njerwa, naliumitsa, nalisonkha pamoto. Iwo amalichula turf.

Nyumba inali yaifupi, ya mazenera ang'onoang'ono. Denga analimanga ndi zingwe, ndipo ku nsonga za zingwezo anapacika miyala kuti mphepo ya ku nyanja isasasule udzu. M'kati munali cipinda cimodzi kapena ziwiri, ndi moto umene sunazime usana ndi usiku. M'nyumba zambiri za osauka ng'ombe inagona ku mbali imodzi ya cipinda, anthu ku mbali inzake. Kalembera wa caka ca 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni m'dziko lonse, ndipo pafupifupi mabanja awiri pa asanu alionse anali m'kanyumba ka cipinda cimodzi.

Dziko lonse la Ireland pa nthawiyo linali kulamulidwa kucokera ku London, ndipo nthaka inali m'manja mwa eni minda owerengeka. Wolima anali wa lendi cabe. Tirigu, nkhumba kapena mwana wa ng'ombe anagulitsa kuti alipire lendi. Banja linadya mbatata ya kacewere. Inde, yomweyi imene alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano amatumiza pa magalimoto, imene ena amangoti airishi. Kwao kwenikweni ndi ku mapiri a South America, koma dzina la Ireland linaimamatira cifukwa ca anthu amenewa. Mwamuna wa nchito ankatha makilogalamu 5 kapena 6 pa tsiku, cifukwa cina coonjezera panalibe kupatula mkaka pang'ono.

Tsono mu 1845 kunadza ciwawu. Alimi a kacewere safuna kuuzidwa za nthenda imeneyi: masamba amada, munda umanunkha, ukakumba upeza zowola. Lero pali mankhwala opopera. Nthawi imeneyo kunalibe, ndiponso sanadziwe cimene cinali kuononga mbewu. Ciwawu cinabweranso mu 1846 ndi zaka zotsatira. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo ena oposa 1 miliyoni anali atakwera zombo kunka ku America, Canada ndi England. M'zaka zomwezo zombo zinali kucokabe m'madoko a Ireland ndi tirigu ndi ng'ombe. Mu 1847 kunabwera lamulo lakuti munthu wokhala ndi munda woposa gawo limodzi la magawo anai a ekala asalandire thandizo la boma. Ambiri anataya munda kuti apeze phala. Akangocoka, anthu a mwini malo ankadza nasasula denga, nagumula zipupa, kuti banja lisabwererenso. Mayo ndi limodzi la maboma amene anavutika koposa.

Mwana mmodzi wa m'boma limenelo, Michael Davitt, anaturutsidwa m'nyumba ndi makolo ake mu 1850. Anakakulira ku England, kumene makina a m'fakitale ya thonje anamdula dzanja ali ndi zaka 11. Iyeyo ndiye anadzatsogolera poyambitsa bungwe la Land League mu 1879, lomenyera alimi a lendi. Nkhondo ya nthaka imeneyo inabala malamulo atsopano, makamaka la 1903, lothandiza alimi kugula minda imene anali kulima. Mlatho wolumikiza Achill ndi mtunda, umene unatsegulidwa koyamba mu 1887, uli ndi dzina lake.

Mlendo wa ku Belfast

Paul Henry sanali mwana wa m'tinyumba timeneti. Anabadwira mu mzinda wa Belfast, mwana wa mbusa wa mpingo wa Baptist. Mu 1898 anapita ku Paris kukaphunzira zojambula, ndipo kumeneko anakopeka ndi zithunzi za Jean-François Millet, amene ankajambula alimi ali wera-wera m'munda. Atakhala zaka zingapo ku London, mu 1910 iye ndi mkazi wake Grace, amenenso anali wojambula, anapita ku Achill kukapuma masiku owerengeka. M'buku la moyo wake, An Irish Portrait, la 1951, akusimba kuti anang'amba tikiti yobwererera naiponya m'nyanja. Anakhala pa cilumbapo, m'mudzi wa Keel ndi pafupi pake, kufikira 1919.

Zithunzi zake zoyamba za ku Achill ncodzala ndi anthu. Muli asodzi akukankhira bwato m'madzi, muli nkhalamba, muli akazi a masiketi ofiira akukumba kacewere. Cimodzi ca izo, The Potato Diggers ca 1912, ciri m'nyumba ya boma yosungira zithunzi ku Dublin. Pamenepo nchito ikuoneka kuti ndi nchito, msana ukupweteka. Koma anthu a pa cilumba sanakonde kujambulidwa. Nanga ndani angakonde kuti mlendo atenge nkhope yake, ndi zigamba zake zomwe, akaonetse kwa anthu a m'tauni? Henry ankacita kujambula mobisa.

Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kucepa m'zithunzi zake. Pofika zaka za m'ma 1920 ndi 1930 munatsala mitambo, phiri, milu ya turf ndi tinyumba. Ndipo zimenezi ndizo zinagulidwa. Kampani ya njanji ya ku Britain, London Midland and Scottish Railway, inasindikiza cithunzi cake ca Connemara ca pakati pa zaka za m'ma 1920, nicikhoma m'masiteshoni poitanira alendo. Masitolo anagulitsa makope ochipa, ndipo anthu a ku Ireland okhala ku Boston, ku New York ndi ku Liverpool anawapacika pa zipupa zao.

Apa pali cifukwa cina cacikulu. Mu 1922 gawo lalikulu la Ireland linayamba kudzilamulira. Dziko latsopano limafuna nkhope, monga mmene limafunira mbendera ndi nyimbo. Atsogoleri anayang'ana kumadzulo, kumene cinenero ca makolo cinali kulankhulidwabe ndipo kunalibe mafakitale a Angerezi, nati: Ireland weniweni ndi ameneyu. Pa 17 Marici 1943 mtsogoleri wa boma, Éamon de Valera, analankhula pa wailesi za dziko limene ankalota: la midzi ya nyumba zofunda, la anthu okhuta ndi zocepa, olemekeza nzeru za okalamba. Munthu akamva mau amenewo, ndiye kuti waona cithunzi ca Paul Henry ndi makutu.

Kumene anthu anali

Tiyeni tibwerere ku Achill tifunse: pamene nyumba zija zikuoneka zopanda munthu, eni ake anali kuti?

Ambiri anali ku Scotland. Nthaka ya pa cilumba siinathe kudyetsa banja caka cathunthu, tsono mwezi wa Juni ukafika anyamata, atsikana, ngakhale ana a zaka 13, ankanyamuka m'magulu, ali ndi kapitao wao, kukakumba kacewere m'minda ya alimi a kumeneko. Amuna akulu ankanka ku minda ya ku England. Ankabwerako ca mu Novembala ndi ndalama zolipira ngongole ya ku sitolo. Ife amene makolo athu ankayenda pansi kunka ku Halale ndi ku Joni sitifuna kumasuliridwa zimenezi. Tidziwa mmene mudzi umakhalira pamene otsala ndi amai, ana ndi nkhalamba.

Pa 14 Juni 1894 gulu lotere linakwera bwato la thanga kucoka ku Achill kunka ku doko la Westport, kumene sitima ya ku Glasgow inali kudikira. Atayandikira, acinyamata anathamangira mbali imodzi kuti aone sitimayo, ndipo bwato linagudubuzika. Anamira anthu 32. Mitembo yao inabwerera pa sitima ya pamtunda, pa njanji yatsopano imene inali isanatsegulidwe nkomwe.

Patapita zaka 43, usiku wa pa 16 Seputembala 1937, gulu lina la ku Achill linagona m'nyumba ya anchito ku Kirkintilloch, pafupi ndi Glasgow. Moto unabuka. Amene anagona ku shedi sanathe kutsegula citseko. Anafa anyamata 10, wamng'ono wa zaka 13, wamkulu wa zaka 23. Atatu anali a mimba imodzi. Mabokosi ao anadza pa njanji yomwe ija, ndipo caka comweco njanjiyo inatsekedwa. Mpaka lero anthu a kumeneko amati sitima yoyamba ndi sitima yotsiriza zinanyamula maliro. Onsewa anaikidwa ku manda a Kildownet.

Taonani zaka: 1937 ku Kirkintilloch, 1940 cithunzi ca tsiku la dzuwa, 1943 mau a pa wailesi. Zonsezi ndi dziko limodzi, nyengo imodzi.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, kucoka kwa nyengo kunasanduka kucokeratu. Pakati pa 1951 ndi 1961 anthu oposa 400,000 anasamuka m'dziko la Ireland, ambiri kunka ku England kukamanga nyumba ndi miseu, kukagwira nchito m'zipatala ndi m'mafakitale. Kalembera wa 1961 anapeza anthu 2.8 miliyoni okha m'gawo lodzilamulira lija. Mu 1953 boma linasamutsa anthu otsiriza pa cilumba ca Great Blasket, kumwera, cifukwa sipanatsale anyamata okwanira kupalasa bwato. Mlembi wa ku Germany, Heinrich Böll, amene anayamba kufika ku Achill m'zaka za m'ma 1950, analemba za mudzi wa mabwinja m'tsinde mwa phiri la Slievemore: nyumba za miyala pafupifupi 80, zonse zopanda denga. Mabwinjawo alipobe.

Ndipo nthawi yomweyo zithunzi za tinyumba ta udzu zinanka zicuruka. Henry mwini wake anacita khungu ca m'ma 1945, namwalira mu 1958, koma ojambula ena ambiri anatsata mapazi ake, odziwika ndi osadziwika omwe. Cifukwa cake mpaka lero pa okushoni za ku Ireland, ku Britain ndi ku America sipasowa kacithunzi ka penti wa mafuta ka zaka za m'ma 1950, ka nyumba yoyera ndi phiri kumbuyo. Tina timapita pa mtengo wa mbuzi, tina pa mtengo wa galimoto. Mu 1952 kunaturuka kanema wa ku America, The Quiet Man, wa munthu wobwerera kwao kudzagula kanyumba ka makolo ake. Kanyumba kamene anajambulirako kanemayo kanadzagwa, ndipo alendo odzaona malo ankatola miyala yake kunka nayo kwao. Eni nyumba zenizeni, akapeza ndalama za mwana wa ku England, sanali kufuna udzu: anali kufuna malata kapena matailosi, simenti, ndi magetsi amene boma linayamba kufikitsa ku midzi mu 1946. Udzu umadontha, umafuna kufoleranso, umasunga cinyezi. Ndipo cifuwa cacikulu cinali kupha anthu zikwi caka ndi caka m'zaka za m'ma 1940. Amene anakonda denga la udzu koposa ndi amene sanagonemo.

Kodi tinene kuti Paul Henry ananama? Ife tikuti iai. Mitambo ija njoona, phiri nloona, ndipo amene afika kumeneko amacitira umboni kuti kuwala kwa dzikolo anakugwira bwino. Munthuyu anakhala pakati pa anthu a ku Achill zaka zisanu ndi zinai, ndipo naye ndalama zinali kumsowa. Ngakhale mtsikana wa ku Mayo wokolopa m'cipatala ca ku Birmingham, popacika cithunzico pamwamba pa kama wake, sanali wopusitsidwa. Ankadziwa utsi ndi njala ya m'nyumbamo kuposa ife tonse. Ankafuna poyang'ana akamalira kwao. Coipa cimadza pamene munthu amene sanakhalemo, kaya ndi mlendo, kaya ndi nduna ya boma, atenga cithunzico ngati mbiri yonse, nkumati anthuwa ali bwino, asiyeni. Cithunzi ndi mboni, koma mboni yoyankha cokhaco cimene wojambula anaifunsa. Mukacionetsa m'kalasi, funso lakuti "mukuona ciani" lisatsale lokha. Mufunsenso kuti anajambula ndani, anajambulira yani, ndipo amene sakuoneka apita kuti.

Maina

Cithunzi cisanagulitsidwe pa okushoni, a malonda amasindikiza buku lofotokoza katundu. M'menemo amalemba kutalika ndi kufupika kwa cithunzi, pamene pali dzina la wojambula, mtengo woyembekezeka, ndi mndandanda wa onse amene anakhala naco: anagula ndani, caka citi, anasiyira yani, cinaonetsedwa kuti. Mndandanda ukakhala wathunthu mtengo umakwera, cifukwa zonyenga nzambiri. Ndiye kuti cithunzi ciri ndi mbiri ya mtundu wake, yolembedwa bwino ngati ya ufumu. Koma nyumba imene iri pa cithunzipo iribe mwini. Maina a zithunzi amangoti tinyumba ta ku Connemara, mudzi wa kumadzulo, njira ya ku dambo.

Komabe maina a anthuwo sanatayike, ndipo ici ndico tafuna kuti mucimve inu ogwira nchito ya zolemba. Usiku wa pa 2 Epulo 1911, Henry atangoyamba kumene moyo wake wa ku Achill, kunacitika kalembera m'dziko lonse la Ireland. Apolisi anayenda khomo ndi khomo ndi mapepala. Mapepala a 1911 ndi a 1901 anapulumuka, pamene ambiri a zaka za m'mbuyo anaonongeka, ena ndi moto wa nkhondo ya paciweniweni mu 1922. Nyumba yosungira zolemba za boma ku Dublin inawaika pa intaneti, ndipo munthu aliyense angathe kuwawerenga kwaulere.

Pepala limodzi ndi la nyumba: zipupa nzamiyala kapena nzadothi, denga nlaudzu kapena nlolimba, zipinda zingati, mazenera angati kumaso. Pepala lina ndi la banja: dzina la munthu aliyense amene anagona m'nyumbamo usiku umenewo, zaka zake, mpingo wake, nchito yake, ngati alankhula cinenero ca makolo cokha, kapena ca makolo ndi Cingerezi comwe. Mu 1911 anafunsanso amai kuti anabala ana angati, ndipo amoyo ndi angati. Palinso danga la maphunziro, ndipo mayankho ake ndi atatu: awerenga ndi kulemba, awerenga cabe, sawerenga. Mukatsegula mapepala a midzi ya kumadzulo mudzaona kawirikawiri agogo ndi makolo ali pa yankho lacitatu, ana a sukulu ali pa loyamba. Pansi pa pepala mutu wa banja anayenera kusaina. Amene sanadziwe kulemba anaika kamtanda, ndipo wapolisi analemba dzina lake pambali, nasaina monga mboni.